Ubale wathu ndi India uzionekera pa sikelo

Ndikamva akuluakulu a boma akunena kuti Malawi ndi India ndi abwenzi akalekale, ine ndimakumbuka chaka cha 2017 pa msika wa Mbulumbuzi kwathu ku Chiradzulu. Mu Ogasiti chaka chimenecho dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, lidalamula kuti nandolo wochokera kunja asapyole matani 200,000, poti alimi ake adali atakolola wochuluka. Mtengo udagwa chagada. Mavenda adapachika masikelo, amayi n'kumabwerera kumudzi matumba ali pamutu.

Anzathu a ku Mozambique sadalire ngati ife. Iwo adali atasainirana kale pangano la nandolo ndi India mu 2016, Narendra Modi atafika ku Maputo. Ife tidali ndi ubwenzi wapakamwa basi. Pangano lathu, lolola matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, lidabwera mu 2021, anthu atalira kale.

Mu 2024 Pulezidenti Droupadi Murmu adadzacheza kuno. Tidawomba m'manja, palibe cholakwika. Koma India akamatseka chipata amaganiza za mlimi wake, ndipo sindimuda nazo. Wathu wa ku Namitambo amamuganizira ndani?

Inu amalonda a ku Limbe amene mumadzaza malole ndi nandolo, musanakongole ndalama zogulira, pitani ku unduna wa zamalonda akakuonetseni pepala. Matani angati? Mpaka chaka chiti? Nanga India akadzakololanso wambiri, matumbawo mudzapita nawo kuti?