Phokoso lili ndi sikelo yake, koma ife tikukanganabe pongoyerekeza

Mukapita kuchigayo mumaima mphindi zochepa, ufa n'kutuluka, inu n'kumapita. Mnyamata amene wakugayirani uja amatsala momwemo mpaka dzuwa kulowa. Kumbukirani mmene munakuwira pomufunsa mtengo, chonsecho anali pafupi. Akatswiri a zaumoyo wa anthu apantchito amati ngati mukuchita kukweza mawu kuti munthu amene mungamukhudze ndi mkono akumveni, phokosolo lingakhale litafika pa madesibelo 85, pomwe makutu amayamba kuwonongeka munthu akakhalitsapo.

Madandaulo a phokoso sakutha m'mizinda yathu. Ena akudandaula ndi mabala, ena mapemphero ochezera usiku, ena masipika a paukwati ndi majenereta. Makhonsolo amachenjeza, zinthu zimakhala zii sabata imodzi, kenako ng'oma ija yayambanso. Mwini bala amati nyimbo zili pansi, woyandikana naye amati sakugona. Popanda muyezo, amapambana ndi amene ali ndi ndalama kapena womudziwa.

Muyezowo ulipo. Phokoso amaliyeza m'madesibelo, omwe amalembedwa dB. Kunong'ona kumakhala cha m'ma 30, kucheza wamba cha m'ma 60. Koma sikelo imeneyi siyenda ngati ya pagolosale. Mukawonjezera 3 dB yokha, mphamvu ya phokoso imakhala yawirikiza kawiri; mukawonjezera 10 dB, yawirikiza kakhumi. N'chifukwa chake bungwe la NIOSH la ku America limati pa 85 munthu akhale maola 8, pa 88 maola 4, pa 91 maola awiri, ndipo pa 100 mphindi 15 zokha patsiku. Mukaona zalembedwa dBA, chilembo A chija chikutanthauza kuti makinawo atcheredwa kuti amve monga khutu la munthu, lomwe silimva mawu onse mofanana.

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kozungulira ngati nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ngati tili ndi tsitsi. Timeneti ndi timene timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso likatipha sitimeranso, ndipo palibe jakisoni kapena mankhwala odonthetsera amene angatibwezeretse. Choipa china n'chakuti sizipweteka. Amayamba kutha ndi mawu opyapyala, cha pa 4000 Hz. Odwala otere akabwera kwa ife sanena kuti agontha. Amati: "Adokotala, ndimamva kuti munthu akulankhula, koma mawu ake sindikuwagwira." Ena amadandaula kuti m'khutu mukulira ngati nkhululu usiku wonse.

Tsono nambala imakhala ndi ntchito pokhapokha aliyense akuyeza mofanana. Apa ndi pamene pamalowera bungwe la ISO, lomwe linayamba mu 1947 ndipo likulu lake lili ku Geneva. Komiti yake yachinambala 43 ndiyo imaona za mawu ndi phokoso. Muyezo wa ISO 1996 umafotokoza kayezedwe ka phokoso la m'malo okhala anthu, ISO 9612 ndi wa phokoso limene munthu amakumana nalo kuntchito, pomwe IEC 61672 umanena zimene makina oyezerawo ayenera kukwaniritsa. Ngakhale makina amene timayezera makutu kuchipatala amatcheredwa potsata ISO 389, kuti zotsatira za ku Blantyre ziwerengeke chimodzimodzi ku Nairobi kapena ku London.

Zimenezi zingamveke ngati nkhani ya m'maofesi, koma tangoganizani. Pabwalo, mukatalikira sipika kuwirikiza kawiri, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Woyeza ataima pakhomo la bala ndi wina ataima pazenera la wodandaula apeza nambala zosiyana, ndipo onse sakunama. Mphepo yowomba pamaikolofoni imakweza nambala. Khoma limabweza mawu. Choncho muyezo umatchula poima, nthawi yoyezera ndi kutalika kwake, ndipo woyeza amayamba watsimikiza makina ake ndi kachipangizo kotulutsa mawu odziwika kale, kawirikawiri 94 dB. Powerengera phokoso la tsiku lonse, mayiko a ku Ulaya amawonjezera 10 dB pa la usiku, pozindikira kuti phokoso lomwelo limasautsa kwambiri nthawi yogona. Pulogalamu ya pafoni ingakupatseni chithunzithunzi, koma mafoni amasiyana, ndipo loya wa mwini bala sangavutike kuitsutsa.

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi iyi: ISO 1996 imanena kayezedwe, koma siika malire. Malire amaika ndi boma la dziko lililonse, ndipo pamenepo pamalowa ndale ndi ndalama. Ku America komweko, lamulo la bungwe la OSHA limalola 90 kwa maola 8, pomwe anzawo a NIOSH amalangiza 85. Mayiko a mu EU, kudzera m'lamulo la 2003, amati bwana ayambe kuchitapo kanthu pa 80. Kusiyana kwa 80 ndi 90 n'kuwirikiza kakhumi, ndipo amene amalipira ndi makutu a wantchito.

Kwathu kuno Malawi Bureau of Standards ndi membala wa ISO, tili ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 komanso la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997. Ine ndimaona kuti chikutisowa si pepala ayi. Chikusowa ndi makina otsimikizika m'manja mwa ogwira ntchito zaumoyo m'makhonsolo, maphunziro a kagwiritsidwe kake, ndiponso kulengeza malirewo m'chilankhulo chimene mwini chigayo ndi mbusa angamve. Kulanda masipika kamodzi pachaka n'kuzimitsa utsi moto ukuyakabe.

Pa zisangalalo, poyambira alipo kale. Mu 2022 bungwe la WHO linatulutsa muyezo wa malo oimbira nyimbo: phokoso lisapitirire 100 dB mukatenga avereji ya mphindi 15, liziyezedwa mwambowo uli m'kati, pakhale malo opumitsira makutu, ndipo zotsekera m'makutu zizipezeka. Bungweli likuti achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka 12 mpaka 35 ali pachiopsezo chogontha chifukwa cha nyimbo zokwera. Kwa inu okonda mahedifoni, muyezo wa WHO ndi ITU wa 2019 umati munthu wamkulu asapitirire 80 dB kwa maola 40 pasabata, mwana 75.

Ngati muli ndi chigayo, shopu yowotcherera kapena makina ocheka matabwa, gulirani anyamata anu zotsekera m'makutu zenizeni, chifukwa thonje silitchinga mokwanira, ndipo azisinthana pafupi ndi injini. Paukwati musakhazike ana pafupi ndi sipika. Mukachoka pamalo m'khutu mukulira kapena mukumva ngati mwalowa madzi, ndiye kuti phokosolo linakupitirirani muyezo. Zikapitirira tsiku limodzi kapena awiri, kapena khutu likatseka mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku ABC ku Lilongwe kuli zipatala zoyeza makutu, ndipo chipatala cha m'dera lanu chingakulembereni kalata yopitira kumeneko.