ZA MOYO WA M'BANJA: Kachirombo Kamodzi, Magazi Osiyana

Poyenda m'midzi kukazonda odwala timva kawirikawiri funso ili: "Aphunzitsi, nanga bwanji anthu awiri atatenga kachirombo ka HIV chaka chimodzi, wina afooka msanga, pamene mnzake akhalabe wolimba zaka zambiri?" Ena ayankha kuti wofookayo analodzedwa, ena ati machimo ake ndiwo achuluka. Mau otere ndi onama, ndipo alasa mtima wa wodwala. Mbali ina ya yankho iri m'chibadwa chimene munthu atengera kwa atate ndi amai ake, monga atengera msinkhu ndi nkhope.

M'magazi mwathu muli asilikali otiteteza ku matenda, ndipo kachirombo pofuna kulowa mwa iwo kadzera pa khomo. Khomo lina anzeru alitcha CCR5. M'chaka cha 1996 anapeza kuti alipo anthu obadwa opanda khomo limeneli, popeza atengera kusowa kwake kwa makolo onse awiri, ndipo mitundu yambiri ya kachirombo ilephera kuwalowa. Wotengera kwa kholo limodzi lokha angathe kutenga kachirombo, koma matenda akula mwa iye pang'onopang'ono. Kumpoto kwa Ulaya obadwa opanda khomoli ali ngati mmodzi mwa anthu 100. Mwa ife a mu Afirika asowa ndithu.

Mphamvu ya chibadwa chimenechi inaoneka poyera pa Timothy Ray Brown, mwamuna wa ku America amene anali ndi kachirombo, nadwalanso khansa ya m'magazi. M'chaka cha 2007, ku Berlin, madokotala anamuika maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wopanda khomo lija. Analeka mankhwala a HIV, ndipo kachirombo sikanabwerenso kufikira anamwalira ndi khansa m'chaka cha 2020. Koma njira iyi ndi yoopsa, yoyenera odwala khansa okha.

Alipo alonda enanso m'thupi, otchedwa HLA, amene agwira chidutswa cha mdani nachionetsa kwa asilikali kuti amzindikire. Alonda ameneŵa asiyana monga mwa mabanja. A mtundu wa B57, amene apezekanso mwa ife, aonetsa chidutswa chimene kachirombo sikangathe kuchisintha popanda kufooka. Mitundu ina ya B35 ilola matenda kufulumira. Komabe anthu ogonjetsa kachirombo popanda mankhwala safika ndi mmodzi yemwe mwa 100, ndipo ena a iwo mphamvuyo iwathera pambuyo pake.

Tsono, abale, titolepo ziwiri. Choyamba, tisaweruze wofooka msanga, pakuti palibe anasankha magazi obadwa nawo. Timtungire madzi, timphikire phala, timperekeze ku chipatala. Chachiwiri, munthu asadzinyenge kuti, "Akwathu ndife a magazi olimba." Chibadwa sichioneka ndi maso, ndipo wooneka wathanzi angathe kupatsira mkazi wake kapena mwana wa m'mimba. Mwamuna ndi mkazi apite pamodzi kukayezetsa. M'Malawi muno mankhwala a ARV aperekedwa kwaulere kuyambira m'chaka cha 2004, ndipo athandiza wa chibadwa chiri chonse, akamamwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa.

Tsalani ndi mtendere kufikira mwezi wamawa.

Ife anu,
Mphunzitsi wa Katekisimu