Mipando Makumi Asanu ndi Limodzi Isatigonetse Tulo

Inu amayi ndi abambo amene mumakhala m'makomboni a m'mafamu a ku Goromonzi, ndi inu amene mumadzuka mbandakucha kukagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Ruwa ndi ku Harare, mwina mudamva kuti nkhani ya amayi m'Nyumba ya Malamulo ya Zimbabwe idatha kale. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adapatula mipando 60 ya amayi, isanu ndi umodzi pa chigawo chilichonse, ndipo mu 2021 adaiwonjezera nthawi kuti ipitirire. Komatu akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mipando 60 imeneyi ilibe dera. Chipani chimalemba mndandanda wa maina, kenaka chimalandira mipando molingana ndi mavoti amene chapeza m'chigawo. Choncho mayi wolowa mwa njira imeneyi amathokoza akuluakulu a chipani amene adalemba dzina lake. Inu simudamuike chizindikiro, ndipo akakuiwalani simungamuchotse. Mipando imene mwini wake amabwera kudzakupemphani voti ndi ija 210 ya m'madera, ndipo kumeneko amayi akucheperachepera. Pa chisankho cha 2023, mwa anthu 637 amene adapikisana, amayi adali 70 okha, ndipo amene adapambana adali 22.

Vuto limayamba tsiku lovota lisanafike. Choyamba ndi zisankho zachipulula, kumene amayi ambiri amauzidwa kuti asalimbane ndi abambo poti mipando yawo ilipo kale. Chachiwiri ndi ndalama. Mu 2018 wofuna uphungu ankalipira madola 50 a ku America kuti dzina lake lilembedwe. Mu 2023 mtengowo udafika madola 1,000. Wa upulezidenti udachoka pa 1,000 kufika pa 20,000. Amayi anayi adaimira upulezidenti mu 2018, koma mu 2023 adatsala mmodzi yekha, Elisabeth Valerio, nayenso adachita kupita kukhoti kuti dzina lake lilowe. Mayi wothyola maluwa kapena wosankha fodya angapeze kuti madola 1,000, kuwonjezera pa mafuta a galimoto ndi chakudya cha omuthandiza?

Asakunamizeni kuti ovota safuna amayi. Goromonzi yemweyu ndi mboni. Mu 2013 madera awiri mwa atatu adasankha amayi: Petronella Kagonye ku Goromonzi South ndi Beatrice Nyamupinga ku Goromonzi West. Mu 2018 madera onse atatu adapita kwa abambo, koma mu 2023 Mayi Nyamupinga adabwerera. Sitikukuuzani chipani choti muchivotere. Tikungonena kuti dzina la mayi likafika pa pepala lovotera, anthu a kuno amatha kulisankha. Ku Malawi, kumene kulibe mipando yopatula, bungwe loyendetsa zisankho lidachepetsa ndi theka ndalama zimene amayi amalipira, ndipo mu 2019 amayi opitirira 40 adapambana m'madera mwa mipando 193. Chiwerengerocho n'chochepabe, koma aliyense wa iwo adali ndi mudzi woti akayankhe.

Mungafunse kuti izi zikukhudza bwanji mphika wanu. Malamulo a ntchito amapangidwa m'Nyumba yomweyo. Tchuthi cha uchembere cha masiku 98 chili m'lamulo la ntchito, ndipo ndi aphungu amene mu 2023 adachotsa ndime yoti mayi ayambe wagwira chaka chathunthu asanachilandire. Pangano la 189 la bungwe la ILO, loteteza antchito a m'nyumba, lidakhazikitsidwa mu 2011; South Africa idalivomereza mu 2013, koma Zimbabwe sidatero. Sikuti phungu wamkazi aliyense adzakulankhulirani. Koma Nyumba imene mulibe munthu wodziwa kugwira ntchito mwana ali kumsana imachedwa kumva nkhani zotere.

Ambiri mwa inu ndinu ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Lamulo la unzika la mu 2001 lidachotsa ambiri pa kaundula wa ovota, ndipo zitupa zawo zidanyamula chilembo cha A, kutanthauza mlendo. Koma ndime 43 ya malamulo a 2013 imati munthu amene adabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake limodzi lili nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Ngati ndinu mmodzi wa otere, pitani ku ofesi ya zitupa mukasinthitse chitupa chanu, kenaka mukalembetse ku ZEC. Musadikire miyezi ya misonkhano, pamene mizere imatalika ndipo kapitawo sapereka tsiku.

Mukatero, funsani. Wa chipani chilichonse akabwera pakomboni, mufunseni kuti chipani chake chaimitsa amayi angati m'madera, osati pa mndandanda pokha, ndiponso ngati chiwalipirira ndalama zolembetsera. Abambo, mkazi wanu kapena mlongo wanu akafuna kuimira, musakhale inu oyamba kumutsekera chitseko. Amayi, yambirani pafupi: m'komiti ya antchito pafamu, m'nthambi za GAPWUZ ndi ZDAWU, m'komiti ya sukulu ndi ya pamjigo, kufikira pa ukhansala wa Goromonzi Rural District Council. Gertrude Hambira adatsogolerapo GAPWUZ yonse ngati mlembi wamkulu; mpando umenewo sadaulandire ngati mphatso.

Mipando 60 isungidwe, pakuti popanda iyo amayi akadachepa koposa. Koma tiitenge ngati makwerero, ndipo tikakamize zipani kuti zitsegule mipando 210 ija, imene mwini wake ayenera kubwera kudzakuyang'anani m'maso.