Njerwa tidaumba, koma adatifunsa ndani?

Pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, ana adasefukira m'sukulu, ndipo mpaka lero ena akuphunzirira pansi pa mtengo. Makolo sadapinde manja: aumba njerwa, atuta mchenga, amayi asenza madzi. Koma pokonza mapulani ndi powerengera ndalama, makolo omwewa amasiyidwa kunja ngati alendo.

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidalonjeza mphamvu ku anthu, ndipo mu 2006 kudabwera thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu. Ndalama zimenezi si mphatso ya phungu ayi, ndi misonkho yanu. Nanga bwanji mdadada umalekezera m'mawindo zaka ndi zaka, khoma likugumuka ndi mvula? Kawirikawiri sukulu imasowa zimbudzi za atsikana kapena nyumba ya mphunzitsi, koma chomangidwa ndi chimene chidzaoneke bwino pa tsiku lotsegulira.

Choncho tikupempha miphakati yonse kuti izitumiza anthu ku misonkhano ya komiti ya sukulu. Funsani mwaulemu koma mosaopa: zabwera zingati, wagula simenti ndani, malisiti ali kuti? Mayankho ake apachikidwe poyera pasukulupo kuti kholo lililonse liziwerenga.