Kodi Buku Ndi la Mayeso Okha?

M'nyumba zambiri za kuno kwathu muli kabati ya galasi, ndipo m'kabatimo muli mbale ndi makapu a pa ukwati zomwe zimangodikira mlendo wolemekezeka. Pakhoma pali kalendala, pathebulo pali wailesi, m'thumba mwa aliyense muli lamya. Koma mukafunsa kuti mabuku amakhala pati, eninyumba amayang'anana. Akafufuza kwambiri amatulutsa Baibulo, buku la nyimbo ndi makope a mwana amene adalemba mayeso a Fomu 4 zaka zapitazo. Nanga enawo adalowera kuti? Ena adakulungira usipa ndi zitumbuwa, ena agogo adapichirira chingambwe, otsalawo chiswe chidamaliza kuseri kwa sutikesi. Ife tati tilankhulepo mosapsatira, pakuti khalidwe limeneli likutisaukitsa koposa m'mene ambiri akuganizira.

Gwero la matendawa ndi maganizo akuti buku ndi mankhwala owawa amene mwana amamwa kuti akhoze mayeso, ndipo akachira palibenso chifukwa chosungira botolo lake. Munthu wamkulu akapezeka pakhonde atagwira buku, odutsa amamfunsa kuti, "Kodi bambo, mukulemba mayeso anji?" Akayankha kuti akungowerenga, amamchenjeza kuti owerenga kwambiri amazungulira mutu. Ana athu amamva zonsezi ndipo amazisunga. N'chifukwa chake ambiri a iwo sawerenga ngakhale mabuku amene asankhidwa pa mayesowo. Amagula timabuku ta chidule tonena kuti uje adakwatira uje, uje adamwalira pa mutu wachisanu, naloweza zimenezo. Ameneyo ali ngati munthu amene wauzidwa kukoma kwa chambo, iye osalawako, kenaka nkumakangana ndi asodzi.

Amene amanyoza mabuku sadziwa chimwemwe chimene akudzimana, ndipo choyamba ndi chimwemwe chowasonkhanitsa. Wosonkhanitsa mabuku ndi mlenje. Akafika ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, maso ake amakhala pa anyamata oyala mabuku akale pakhonde la sitolo. Amanjuta, navundukula mulu wa mabuku a masamu ong'ambika, ndipo tsiku lina, pansi penipeni, amapeza Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, kapena Nzeru za Kale la Kumakanga, kapena Ntchito ya Pakamwa la E. J. Chadza, limene wakhala akulifuna zaka zambiri. Mtima umagunda, koma nkhope amaiumitsa kuti wogulitsa angakweze mtengo. Akafika nalo kunyumba amalipukuta, namata tsamba lothothoka, nalikuta ndi pepala la khaki. Patsamba loyamba amapezapo dzina la mwini wake wakale, sukulu yake ndi chaka chake, ndipo pansi pake amalembapo dzina lake, monga mlendo wolowa m'mudzi umene ena adakhalamo kale.

Alumali ya mabuku imakula monga umakulira munda wa zipatso. Ili mudagula ndi malipiro anu oyamba, ilo adakupatsani aphunzitsi anu popuma ntchito, linalo mudaliwerenga usiku wonse mukudikirira matenda kuchipatala. Pakapita zaka, munthu akayang'ana pa alumaliyo amaona mbiri ya moyo wake. Chodabwitsa n'chakuti mabukuwo amayamba kuitanana okha. Mukawerenga Njala Bwana la Willie Zingani mumafuna kuona m'mene Jolly Max Ntaba adalembera Mtima Sukhuta, ndipo mukatha amenewo mumabwerera m'mbuyo kukafuna a S. A. Paliani. Posakhalitsa mumazindikira kuti chinenero chathu chili ndi alembi ake, aliyense ndi kayankhulidwe kakekake, ndipo simungasokonezenso wina ndi mnzake.

Tikudziwa chimene ena ayankhe: mabuku ndi odula, ndipo anthu ndi osauka. Mau amenewa ali ndi choona chake. Banja limene lilibe ufa ligule chimanga, buku lidikire. Koma tinene zoona, kodi onse odandaula za mtengo wa buku ndi osowa ufa? Ambiri a iwo sapereweza ndalama ya mayunitsi a lamya, ya kubetcha pa mpira, ya mowa wa Loweruka kapena ya nsalu yatsopano pa ukwati uliwonse. Banja logula buku limodzi pa miyezi itatu iliyonse limakhala ndi mabuku 4 pa chaka, ndipo mwana wobadwa lero akamafika zaka 10 adzapeza mabuku 40 m'nyumba ya makolo ake. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Alumali yake ndi njerwa zingapo ndi thabwa limodzi basi.

Ndiponso amene adapindula kwambiri ndi mabuku m'dziko muno sadali ana a anthu olemera. M'chaka cha 1958 Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto amene adaphunzira ku Livingstonia, adanyamuka wapansi kukafuna maphunziro kunja. M'katundu wake wochepayo mudali mabuku awiri, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Atafika ku Kampala adalowa m'laibulale, ndipo m'menemo ndimo adapeza dzina la Skagit Valley College ya ku America. Adalembera kalata, adamlandira, ndipo adafikako mu 1960 atadzera ku Khartoum. Mbiri ya ulendowo adailemba m'buku lake I Will Try la 1965. Chimodzimodzinso William Kamkwamba wa ku Kasungu. Atalekezera sukulu panjira chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka ku Wimbe. Kumeneko adabwereka Explaining Physics ndi Using Energy, mabuku a Chingerezi chimene iye sadali kuchimva bwino. Adalimbana nawo potsata zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mau, mpaka adapanga makina oyendera mphepo amene adayatsa magetsi pakhomo pa makolo ake. Akadanena kuti mabukuwa ndi ovuta, amdikire kaye adziwe Chingerezi, bwenzi lero dzina lake tisakulidziwa.

Apa tafika pa mfundo imene ikutiwawa kwambiri. Alipo ena amene amavomera kuti kuwerenga n'kwabwino, koma amati buku likhale lofewa, lalifupi, losatopetsa mutu. Akakumana ndi mau achilendo awiri patsamba loyamba amalitseka, nati mlembiyo ndi wodzionetsera. Abale athu, phala ndi labwino kwa khanda ndi kwa wodwala, koma munthu wa mano ake amafuna nzimbe, ndipo nzimbe ikoma potafuna. Nkhani yofewa imakuuzani zimene mukudziwa kale, m'mau amene mudazolowera, ndipo mukaitha mumakhala monga mudaliri. Buku lovuta limakuimitsani panjira. Mumabwereza chiganizo kawiri, mumatsegula dikishonale, mumatsutsana ndi mlembi mumtima, mumagona nalo funso, ndipo m'mawa muli kumunda tanthauzo limangotulukira lokha. Kukoma kwa mphindi imeneyo sakudziwa amene sadavutikepo ndi tsamba.

Tengani Nthondo la Samuel Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, limene lidapambana pa mpikisano wa alembi a zinenero za mu Africa ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Wachinyamata wa lero akalitsegula adzapunthwa pa mau amene agogo ake okha angamasulire ndi pa miyambo imene sadaionepo. Kupunthwako ndiko phindu lake, pakuti kumamtuma kwa agogowo kukafunsa, ndipo mau amene akadapita nawo kumanda amatsala m'kamwa mwa mdzukulu. Azungu adaona kuti bukuli n'loyenera kulimasulira zaka zoposa 90 zapitazo. Kodi si manyazi kuti eni chinenero alikane chifukwa Chichewa chake n'chozama?

Pali kuvuta kwina kumene sikuli m'mau koma mu nkhani yeniyeniyo. M'buku la Chinua Achebe la 1958, Things Fall Apart, Okonkwo akupha ndi dzanja lake Ikemefuna, mnyamata amene adakulira m'nyumba mwake namamutcha bambo, chifukwa choopa kuti anthu angamuyese wofooka. Wowerenga amanyansidwa naye, komabe sangathe kumtaya, pakuti waona kale mantha amene adamlera kuyambira ubwana. Amishoni akafika m'mudzimo, mlembi sakutiuza kuti mbali iyi ndi ya angelo, inayo ya ziwanda. Akutionetsa zabwino ndi zoipa za onse, natisiya kuti tiweruze tokha. Munthu amene wadutsa m'buku lotere saweruza mnansi wake mofulumira. Ngakhale Baibulo limene lili m'nyumba zathu zambiri si buku lofewa ai. M'buku la Yobu, la mitu 42, abwenzi atatu akubwera ndi mayankho apafupi onena kuti wovutika aliyense adachimwa, ndipo pamapeto pake odzudzulidwa ndi iwowo. Amene amafuna zofewa zokhazokha adzalumpha mitu yonseyo, natsala ndi nzeru za abwenzi aja.

Sitikudana ndi lamya ya m'manja, pakuti ngakhale mabuku amawerengedwa pamenepo. Chimene tikudana nacho ndi chizolowezi chimene yabzala, chomeza timauthenga ta mizere itatu kuyambira m'mawa mpaka usiku, osatafuna ndi kamodzi komwe. Mutu umene sudazolowere kutsata mfundo yaitali kuchokera pa chiyambi mpaka pa mapeto umagwa m'mbuna iliyonse. Wandale akalonjeza zosatheka umaomba m'manja, wakuba akati ndalama zanu zibereka kawiri pa sabata umapereka, mphekesera ikafika pa WhatsApp umaitumiza kwa anthu 50 usadafunse kuti yachokera kuti. Kuwerenga buku lovuta kumaphunzitsa munthu kufunsa kuti, "Wanena ndani, ndipo umboni wake uli kuti?" Komanso buku la m'lamya mwana saliona. La pa alumali amaliona tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lina mvula ikamtsekera m'nyumba adzalitsitsa yekha.

Akuluakulu akukumbukira kuti idalipo nthawi pamene buku linkaopedwa m'dziko muno. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe loona zoyenera kuwerengedwa, ndipo mabuku ambiri adaletsedwa. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, adatulutsa ndakatulo zake Of Chameleons and Gods ku London mu 1981. Ndakatulozo n'zovuta, zodzala ndi mikuluwiko, koma olamulira adazimva bwino lomwe. Bukulo lidachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mwini wake adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Olamulira aja ankadziwa mphamvu ya buku kuposa ambiri a lero. Ulamuliro wa chipani chimodzi udatha mu 1994, koma ntchito yochotsa mabuku m'manja mwa anthu ikupitirira, ndipo tsopano akuigwira ndi makolo m'nyumba zao, mwaulere, popanda wowatuma.

Wina asanene kuti kusunga mabuku ndi udindo wa boma ndi masukulu okha. National Library Service yakhala ikubwereketsa mabuku kuyambira 1968, ndipo tikulimbikitsa banja lililonse lokhala pafupi ndi nthambi yake kuti likalembetse. Koma nkhokwe imodzi siisungira mudzi wonse mbeu. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University idapsa, ndipo mabuku oposa 40,000 adasanduka phulusa usiku umodzi. Mabuku ambiri a Chichewa amene tatchula pano ndi ovuta kuwapeza m'sitolo lero. Ngati adzafike kwa zidzukulu zathu, adzadzera m'nyumba za anthu wamba amene adawakonda nawateteza ku chiswe ndi chinyezi.

Tsono pempho lathu kwa makolo anzathu nali. Ikani thabwa pakhoma, patali ndi pansi ndi podontha, ndipo mabuku onse a m'nyumba akhale pamenepo poonekera. Pa mphatso za ukwati ndi za ana, buku lipezeko malo pakati pa mbale ndi nsapato. Mukatha kudya madzulo, wina awerenge mokweza masamba awiri kapena atatu, enawo amvere ndi kutsutsa. Bambo ndi mayi aoneke akuwerenga, pakuti mwana amatsata mapazi, satsata mau. Buku likakuvutani musalitaye. Werengani pang'ono, lembani mau achilendo m'kope, funsani aphunzitsi kapena agogo, pakuti safunsa adadya phula, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Inunso obwereka, bwezani mabuku a eni ake. Wobwereka khasu osabweza timamdziwa dzina lake m'mudzi, ndipo wobwereka buku osabweza dzina lake ndi lomwelo.

Mwini nyumba akamwalira, abale amakanganirana malata, njinga ndi bedi, ndipo nthawi zina chibale chimathera pomwepo. Sitidamvepo kuti akanganirana mabuku. Komatu pa chuma chonse cha masiye, buku lokha ndilo limene ana asanu angalandire lonse lathunthu aliyense, mmodzi akatha napatsira mnzake, osaperewera ndi tsamba limodzi lomwe. Tiyeni tiwasiyire ana athu chuma chotere, ndipo pakati pake pakhale mabuku ena ovuta amene adzawamvetse pokhapokha imvi zitayamba kumera.