Mantha Samanga Chipani

Pa 1 Disembala 1934 Sergei Kirov, mtsogoleri wa chipani cha Komyunisiti mu mzinda wa Leningrad, anaomberedwa ndi mfuti nafa. Joseph Stalin, wolamulira dziko la Soviet Union, anapezerapo danga lothana ndi aliyense amene ankamukayikira. Zimene zinatsatirapo ndi phunziro kwa atsogoleri a chipani ndi ogwira ntchito za boma.

Gwero la tsokali linali boma losavomera kulakwa. Kukakamiza alimi kulima m'minda ya gulu kunadzetsa njala yoopsa m'zaka za 1932 ndi 1933, koma olamulira sanafune kumva kuti mfundo zawo zalephera. Chilichonse chikalakwika, m'fakitale kapena pa njanji, ankati ndi ntchito ya adani obisala m'chipani.

Kuyambira 1936 mpaka 1938 akuluakulu a chipani monga Zinoviev, Kamenev ndi Bukharin anazengedwa milandu poyera ku Moscow, anakakamizidwa kuvomera milandu yabodza, ndipo anaphedwa. Mu Julaye 1937 apolisi achinsinsi a NKVD anagawira chigawo chilichonse chiwerengero cha anthu oti amangidwe ndi oti aphedwe. Pofuna kudzipulumutsa, anthu anayamba kunenerana zabodza. M'zaka za 1937 ndi 1938 zokha anthu oposa 680,000 anaphedwa.

Ogwira ntchito za boma nawonso sanapulumuke. Kalembera wa 1937 atasonyeza kuti m'dzikomo muli anthu pafupifupi 162 miliyoni, ochepa kusiyana ndi amene olamulira ankayembekeza, zotsatira zake zinabisidwa ndipo ena mwa oyendetsa kalemberayo anaphedwa. Kuchokera pamenepo ndani akanalimba mtima kulemba lipoti loona?

Ku nkhondo, atatu mwa akazembe asanu apamwamba anaphedwa, mmodzi wa iwo Mikhail Tukhachevsky. Pamene Germany inathira nkhondo dzikolo pa 22 Juni 1941, magulu ambiri a asilikali anali m'manja mwa atsogoleri osazolowera ntchito. Ngakhale Nikolai Yezhov, mkulu wa NKVD amene anayendetsa ntchito yomanga anzake, anaphedwa mu 1940. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu Febuluwale 1956 Nikita Khrushchev anaulula pa msonkhano waukulu wa chipani kuti mwa mamembala 139 a komiti yaikulu yosankhidwa mu 1934, okwana 98 anamangidwa ndi kuphedwa. Chipani chinadzidula mizu ndi nkhwangwa yake yomwe.

Mwambo m'chipani ndi wofunika, koma mwambo suli mantha. Wapampando wa nthambi akalandira dandaulo lokhudza mnzake, afunse umboni ndipo amve mbali zonse asanagamule. Mlembi wa boma alembe chiwerengero choona cha zokolola ngakhale chisakomere akulu ake. Mtsogoleri naye azindikire kuti womuuza zowawa si mdani, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.