Nguli Yozungulira Kumanzere Ilibe Matsenga

Makolo amene ana anu amaonera makatuni a ku Japan pa foni kapena pa TV, mwina munamvapo dzina lakuti Beyblade. Imeneyi ndi nguli, koma osati ija yosema yomwe tinkaikwapula ndi luzi pabwalo. Iyi ndi yachitsulo ndi pulasitiki, ndipo amaiponya ndi kachipangizo kokoka m'kabwalo konga beseni. Nguli ziwiri zimagundana mpaka ina itaima, itatayidwa kunja kapena itaphwasuka. Kampani ya Takara inayamba kuzipanga ku Japan mu 1999 potengera nguli zakale za kumeneko zotchedwa beigoma, ndipo makatuni ake anayamba mu 2001.

Zambiri mwa nguli zimenezi zimazungulira kumanja, monga mivi ya wotchi. Zowerengeka zimazungulira kumanzere, ndipo apa mpamene pagona nkhani. M'makatuni a Metal Fusion muli mnyamata wotchedwa Ryuga, mwini nguli yakumanzere yotchedwa L-Drago. Opanga makatuniwo amaonetsa kuti mu nguliyo muli mphamvu yamdima yomwe imayamwa mphamvu za zinzake. Mwana akaona kuti ngakhale chidole chenicheni chikuchita ngati "kuyamwa", angakhulupirire kuti mulidi mzimu, kenaka n'kuyamba kuopa kapena kusirira mphamvu zoterozo.

Chikhalirecho palibe chachilendo. Tengani zivundikiro ziwiri za mapoto, muziike pathebulo moti m'mphepete mwake mukhudzane. Zungulitsani zonse kumanja. Muona kuti pamene zakhudzanapo, china chikupita uku, china uko, ndipo zikukwechesana. N'chifukwa chake nguli zozungulira mbali imodzi zimagundana mwamphamvu, kukankhana patali ndi kutha mphamvu msanga.

Tsopano zungulitsani chimodzi kumanja, china kumanzere. Pokhudzanapo zonse zikulowera kumodzi, ngati mano a magiya a chigayo. Chothamanga chimakoka chinzake chochedwa. Zimachitikanso chimodzimodzi m'kabwalo muja: nguli yothamanga imapatsako liwiro yofookayo mpaka liwiro lawo litatsala pang'ono kufanana. Opanga zidolezi amadziwa zimenezi, choncho nguli zina zakumanzere, monga Meteo L-Drago ndi Drain Fafnir, anaziika labala m'mphepete kuti zizigwira bwino. Mpikisano wotere nthawi zambiri supita kwa yogunda kwambiri, koma kwa yomwe yakhalabe chilili kwa kamphindi pomwe inzake yagwa. "Kuyamwa" kuja n'komweku basi.

Ndiye tichite chiyani? Kungolanda chidole n'kunena kuti n'chausatana sikuchotsa mantha mumtima mwa mwana. Khalani naye pansi, muyesere limodzi zivundikiro zija, ndipo mumulole afotokoze yekha zomwe waona. Akatero mumufunse kuti: m'makatuni muja choona n'chiti, chongopeka n'chiti? Zina mwa nkhani zake zimatamanda mizimu ndi mkwiyo, ndipo muli ndi ufulu wonse wokana kuti zisaonetsedwe m'nyumba mwanu. Koma mwana adziwe chifukwa chake.

Ngati mwalola kuti azisewera, asaweramitse nkhope pa kabwaloko, chifukwa chitsulo chikadumpha chingavulaze diso. Tizidutswa tating'ono tikhale kutali ndi makanda omwe amaika chilichonse mkamwa. Ndipo agogo akadalipo, apempheni amusemere nguli yamtengo, atuluke panja akaikwapule mpaka atuluke thukuta.